Cooper Flagg ndi mwayi chabe, sakufafaniza zimene Dallas inachita ndi Luka

Pa 11 November 2025, timu ya basketball ya Dallas Mavericks inachotsa ntchito a Nico Harrison, mkulu amene ankayang'anira zolemba ndi kusinthanitsa osewera. Pa masewero 11 oyamba a sizoni ya 2025-26, timuyi inali itapambana atatu okha. Ochemerera ambiri anaomba m'manja, ndipo anzathu ena amene timatsata nawo ligi ya NBA akuti nkhani ya Luka Dončić yathera pomwepo: wolakwa wapita, komanso mnyamata wodzalowa m'malo mwake, Cooper Flagg, ali kale m'nyumba. Ife sitikugwirizana nazo. Kukayikira Luka sikunali kulakwa kwenikweni. Chimene chinalakwika ndi njira imene anamutayira, ndipo mwayi umene unabwera pambuyo pake sukusintha kanthu pa mfundo imeneyi.

Amene anazolowera mpira wamiyendo afunika kudziwa kaye kusiyana kumodzi. Kumeneko timu ikafuna wosewera imalipira ndalama, ndipo mwiniwakeyo ayenera kuvomera kuti asamuke. Ku NBA matimu amasinthana anthu ndi anthu, kontrakiti imapita limodzi ndi munthu wake, ndipo wosewerayo safunsidwa. Pa nthawi ya nkhaniyi, LeBron James ndi Bradley Beal okha ndi amene anali ndi mawu mu kontrakiti oletsa kuwasamutsa popanda chilolezo chawo. Katundu wina amene matimu amasinthana ndi mipata ya draft, chisankho cha chaka ndi chaka chimene matimu 30 amagawana achinyamata ochokera m'makoleji ndi m'maiko ena. Mpata wa mu ndime yoyamba ya draft uli ngati ng'ombe ya m'khola: ungathe kuisunga kuti ikuberekere, kapena kugulira china.

Luka anabadwa mu 1999 ku Ljubljana m'dziko la Slovenia. Anapita ku Real Madrid ali ndi zaka 13, ndipo mu 2018 anatenga chikho cha EuroLeague n'kusankhidwanso kukhala wosewera wopambana onse mu mpikisanowo, ali ndi zaka 19. Chaka chomwecho Atlanta inamusankha pa nambala 3 n'kumupereka ku Dallas posinthana ndi Trae Young. Kuyambira 2020 mpaka 2024, zaka zisanu zotsatizana, dzina lake silinasowe pa mndandanda wa osewera asanu opambana mu ligi yonse. Mu sizoni ya 2023-24 ndiye anatsogola pogoletsa, pafupifupi mapointi 34 pa masewero aliwonse, tsiku lina anagoletsa 73 yekha polimbana ndi Atlanta, ndipo mu June 2024 anaifikitsa Dallas mu fainolo. Patangopita miyezi isanu ndi iwiri ndi masabata awiri, anamutumiza ku Los Angeles Lakers. Anali ndi zaka 25.

Uthengawo unatuluka pakati pa usiku ku America, kuno kukucha Lamlungu pa 2 February 2025. Mtolankhani wa ESPN, Shams Charania, atalemba, anthu ambiri anaganiza kuti akuba alowa mu akaunti yake, mpaka anachita kubwereza kuti ndi zoona. Dallas inapereka Luka, Maxi Kleber ndi Markieff Morris. Inalandira Anthony Davis, Max Christie ndi mpata umodzi wa mu ndime yoyamba wa chaka cha 2029. Sungani nambalayo: umodzi.

A Harrison anali ndi zifukwa zawo, ndipo si zonse zimene zili zopanda mutu. Iwo ananena kuti chikho chimabwera ndi kutchinga. Amene tinaonera fainolo ya 2024, imene Boston inapambana masewero anayi kwa amodzi, tikukumbukira momwe osewera a Boston ankamusakira Luka dala, podziwa kuti pamenepo ndi pamene mpanda wafooka. Pa masewero achitatu anatuluka nthawi isanathe atakwanitsa mafaulo 6. Ali ndi chizolowezi chotsalira m'mbuyo kukangana ndi oyimbira mpira uli m'kati, anzake n'kumatchinga anayi. Za kunenepa kwake zinkakambidwa chaka ndi chaka, ndipo pa nthawi imene ankamusinthanitsa anali panja kuchokera pa Khrisimasi chifukwa chovulala katumba. Panalinso ndalama: chilimwe cha ku America cha 2025 chikanafika ali ku Dallas, akanayenera kontrakiti ya zaka zisanu ya madola 345 miliyoni. Munthu woyang'anira chuma cha timu ali ndi ufulu wodzifunsa ngati thupi limenelo lidzapirire. Tisaiwalenso kuti ndi a Harrison omwewa amene anabweretsa Kyrie Irving mu 2023, ndi P.J. Washington pamodzi ndi Daniel Gafford mu February 2024, anthu amene anathandiza kufika mu fainolo ija. Sanali munthu wosadziwa ntchito.

Ndipo pa za kutchinga, sizoni yomweyo inawaikira umboni. Oklahoma City Thunder, timu imene inkatchinga kuposa onse, ndi imene inatenga chikho mu June 2025 itagonjetsa Indiana. Koma taonani momwe Oklahoma City inamangira timuyo. Mu 2019, Paul George atafuna kupita ku Los Angeles Clippers, iwo sanamupereke mwaulemu. Anatenga Shai Gilgeous-Alexander, amene anali atangosewera chaka chimodzi, Danilo Gallinari, mipata isanu ya mu ndime yoyamba ndi ufulu wosinthana mipata ina iwiri. Shai ndiye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi mu 2025, ndipo umodzi mwa mipata ija unabala Jalen Williams, wachiwiri wake pa timuyo. Mu 2022 Utah inapereka Rudy Gobert ku Minnesota n'kulandira mipata inayi ndi gulu la osewera. Mu 2024 Brooklyn inalandira mipata isanu kuchokera ku New York Knicks pa Mikal Bridges, wosewera wabwino ndithu, koma amene sanasankhidwepo kukasewera masewero a All-Star. Tsono Luka, amene onsewa sangamufike, anapita ndi mpata umodzi. Ngakhale Austin Reaves wa Lakers sanamupemphe mokakamira, ndipo mpata wa Lakers wa 2031 unatsala m'thumba mwawo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mtengo wa chinthu umadziwika ogula akachuluka. Ngakhale mayi wogulitsa mbuzi sauza munthu mmodzi yekha usiku n'kuvomera mtengo woyamba. A Harrison anakambirana ndi munthu mmodzi, a Rob Pelinka a Lakers, mnzawo wakalekale kuchokera pa nthawi imene a Pelinka anali woimira Kobe Bryant pa zamakontrakiti, iwo akugwira ntchito ku Nike. Anayamba mu January akumwa khofi, n'kusunga chinsinsi pafupifupi mwezi wathunthu. Luka sanadziwe. Davis sanadziwe. LeBron sanadziwe. Akuluakulu a matimu ena anamva pa foni ngati ife tomwe, ndipo ambiri anadandaula kuti akanauzidwa akanapereka zochuluka. A Mark Cuban, amene anagulitsa gawo lalikulu la timuyi mu December 2023, anadzanena poyera kuti kusinthanitsa Luka ndi nkhani ina, koma pankafunika kupeza malonda abwinopo.

Oikira kumbuyo a Harrison amati chinsinsicho chinali chofunika, chifukwa nkhani ikanatuluka, Luka ndi omuimira akanasankha okha kopita, ndipo matimu ena akanaopa kupereka zambiri pa munthu amene angadzachoke mu 2026. Tikumva. Koma Oklahoma City ndi Brooklyn anagulitsanso mwakachetechete ndipo sanabwereko chimanjamanja. Chinsinsi cha ku Dallas chinatsekereza ogula anzawo, komanso chinatsekereza aliyense wa m'nyumba momwemo amene akanati, "Bwana, taganizaninso." Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mu April a Harrison anauza atolankhani kuti ankadziwa kuti Luka ndi wofunika kwa ochemerera, koma sankadziwa kuti mpaka pamlingo umenewo. Munthu wogulitsa matikiti pakhomo akanawauza mu mphindi imodzi.

Anthony Davis tisamuimbe mlandu. Ndi katswiri weniweni, mmodzi mwa otchinga abwino kwambiri a m'badwo wake, ndipo anatenga chikho ndi Lakers mu 2020. Iyenso sanapemphe kusamuka. Koma ngati nkhawa yanu ndi thupi la mnyamata wa zaka 25, n'zovuta kumvetsa kuti mankhwala ake akhale bambo wa zaka 31 amene mbiri yake yovulala aliyense akuidziwa. Pa masewero ake oyamba ku Dallas, pa 8 February polimbana ndi Houston, anasewera ngati munthu wolusa, anagoletsa mapointi 26, kenaka anagwira m'ntchafu n'kutuluka, ndipo anakhala panja pafupifupi masabata asanu ndi limodzi. Katundu yense anatsalira Kyrie Irving, wa zaka 32, amene ankasewera mphindi zochuluka usiku uliwonse mpaka pa 3 March pamene mtsempha wa m'bondo lake unaduka. Kuvulala kwa bondo palibe amene angakulosere, koma kuti timu yotsala ndi woyendetsa mpira mmodzi yekha idzamulemetsa, zimenezo zinkaoneka ndi maso.

Ku Lakers nakonso sikunali phwando. Popereka Davis anatsala opanda wamtali wodalirika pansi pa golo. Anayesa kutenga Mark Williams wa Charlotte, koma malondawo anathetsedwa madokotala atamuyeza. Anamaliza pa nambala 3 kuchigawo chakumadzulo, n'kutulutsidwa ndi Minnesota mu ndime yoyamba. Kochi wawo JJ Redick, amene chinali chaka chake choyamba pa ntchitoyi, anaseweretsa anthu asanu omwewo theka lonse lachiwiri la masewero achinayi osasintha ngakhale mmodzi, ndipo pomaliza miyendo inawathera. Kumeneko kunali kusakhulupirira benchi, ndipo Redick anayenera kudzudzulidwa. Koma vuto la Lakers ndi losowa denga pa nyumba imene maziko ake ndi olimba kwa zaka khumi zikubwerazi.

Tsopano za mwayi uja. Dallas inamaliza sizoni itapambana masewero 39 n'kugonja 43. Mu 2025, matimu 14 amene analephera kulowa mu mpikisano wa chikho anachita maere kuti apeze woyamba kusankha. M'makina anaikamo timipira 14 tolembedwa manambala, n'kutulutsamo tinayi. Manambalawo angathe kuphatikizana m'njira 1,001, ndipo njira 1,000 zinagawidwa kwa matimu, ofooka kwambiri n'kulandira zochuluka. Utah, Washington ndi Charlotte anali ndi njira 140 aliyense. Dallas inali ndi 18. Kuti ikhale pa malo amenewo, inachita kupambana maere ena ang'onoang'ono ndi Chicago, imene inafanana nayo zotsatira. Ndipo ikanapambana masewero ake omaliza ku Memphis mu April, ikanalowa mu mpikisano wa chikho, maere osaaona n'komwe. Pa 12 May timipira tinagwera Dallas, ndipo pa 25 June inasankha Flagg.

Usiku umenewo a Harrison anauza atolankhani kuti mwayi umakondera olimba mtima, ndipo pambuyo pake anadzanenanso kuti ochemerera ayamba kuona masomphenya awo. Mawu amenewa ndi amene amatiwawa kuposa malonda enieniwo. Masomphenya awo, monga ananenera okha mu February, anali otenga chikho m'zaka zitatu kapena zinayi ndi Davis ndi Kyrie. Flagg anabwera chifukwa masomphenyawo analephereka. Tonse tinakhalapo m'kalasi ya masamu. Wophunzira akalakwitsa njira yonse, yankho n'kungopezeka lolondola, mphunzitsi wabwino sapereka malikisi onse, chifukwa akudziwa kuti funso lotsatira mwayiwo sudzabweranso. Pa maulendo 1,000, njira ya a Harrison ikanathera popanda Luka ndi popanda Flagg maulendo 982.

Ena akuti maerewo anaphikidwa, ati NBA inalipira Dallas chifukwa chopereka Luka ku timu yotchuka. Nkhani imeneyi imakoma pokambirana madzulo, koma ife sitiikhulupirira. M'chipinda cha maere mumakhala nthumwi za matimu onse okhudzidwa, atolankhani, ndi akauntanti a kampani ya Ernst & Young. Eni ake a Utah ndi Washington, amene anagonja sizoni yonse kuti apeze Flagg n'kuthera pa nambala 5 ndi 6, sakanakhala chete. Chinthu chokhala ndi mwayi wochepa chimachitika ndithu nthawi zina. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi chakuti mphekesera imeneyi imachotsa maso pa anthu amene anasaina.

Flagg ndi wosewera wabwino, pamenepo palibe mtsutso. Ndi wochokera m'tauni yaing'ono ya Newport ku Maine, anabadwa mu December 2006, ndipo pa chaka chimodzi chimene anakhala ku Duke anasankhidwa kukhala wosewera wopambana m'makoleji onse a ku America. Amatchinga, amagawa mpira, ndipo sachita ulesi. Kuchokera pa LeBron mu 2003, palibe amene anasankhidwa pa nambala 1 ali wamng'ono chonchi. Koma draft si sitolo imene umagula chimene waona. Mu 2007 Portland inasankha Greg Oden n'kusiya Kevin Durant, ndipo maondo a Oden anamukana. Mu 2009 Memphis inatenga Hasheem Thabeet wa kwa aneba athu ku Tanzania pa nambala 2, James Harden n'kupita pa 3, Stephen Curry pa 7. Giannis Antetokounmpo anasankhidwa pa 15, Nikola Jokić pa 41. Akatswiri olipidwa ndalama zambiri amaphonya chaka chilichonse. Flagg atachita bwino kwambiri, atapanda kuvulala, zonse zitamuyendera, mwina pofika zaka 25 adzakhala pamene Luka anali kale tsiku limene ankamuchotsa.

Ndiye tikaona momwe anayambira kumugwiritsa ntchito timakayika. Kochi Jason Kidd anayamba sizoni ya 2025-26 pomuika Flagg kukhala woyendetsa mpira, malo amene sanawasewerepo ku Duke. A Kidd ali ndi mbiri pa zimenezi: ali ku Milwaukee anachita chimodzimodzi ndi Giannis mu 2016, ndipo zinamuthandiza kukula. Kusiyana kwake n'kwakuti Giannis anali m'chaka chake chachitatu, pa timu imene palibe ankaiyembekezera chikho. Flagg anapatsidwa mpira pa tsiku loyamba, ali ndi zaka 18, atazunguliridwa ndi anthu ataliatali osatha kuponya patali, m'bwalo limene anthu akwawo omwe akukuwa kuti bwana achotsedwe. Masewero oyamba Dallas inali m'gulu la matimu ogoletsa mochepa kwambiri mu ligi. Kumuphunzitsa mwana kuyendetsa mpira ndi chinthu chabwino. Koma apa sanamupatse chifukwa cha maphunziro okha. Anamupatsa chifukwa woyendetsa mpira weniweni anamutumiza ku Los Angeles, winayo ali pa ndodo.

Luka naye wayankha m'njira yake. Atabwerera ku Dallas koyamba pa 9 April, analira poonera kanema womuthokoza, kenaka n'kugoletsa mapointi 45. M'miyezi yopuma anachepetsa thupi moonekeratu, mu August anasaina kontrakiti ya zaka zitatu ya madola 165 miliyoni ndi Lakers, ndipo anatsegula sizoni ya 2025-26 ndi mapointi 43, masewero otsatira 49. Anzathu ena akuti umenewu ndi umboni woti a Harrison ankanena zoona, kuti mnyamatayu ankafunika kudzidzimutsidwa. Ife tikuona mosiyana. Ngati anatha kusintha m'miyezi inayi, ndiye kuti anali wophunzitsika, ndipo ntchito ya akuluakulu a timu inali kupeza njira yomufikira. Mwina kukanakhala kumuuza maso ndi maso kuti madola 345 miliyoni ali ndi zofunika kukwaniritsa. Mwina akanakana, ndipo pamenepo akanamugulitsa poyera pa mtengo wake weniweni. Sukulu imene imachotsa wophunzira wake wanzeru kwambiri chifukwa amachedwa m'mawa, iye n'kukakhoza bwino pa sukulu ina, singadzitame kuti ndi imene inamuwongola.

Chotsala ndi ichi: a Harrison sakanatha kuchita zimenezi okha. Malonda a msinkhu umenewu amafuna chilolezo cha eni timu, ndipo a Patrick Dumont, amene amaimira mabanja a Adelson ndi Dumont, anavomera, kenaka n'kuikira kumbuyo chisankhocho poyera polankhula za kulimbikira ntchito, mawu amene aliyense anamva kuti akulasa Luka. Patangopita mwezi, timuyi inakweza mitengo ya matikiti a sizoni. Kunja kwa bwalo lawo kuli chipilala cha Dirk Nowitzki, amene anasewera ku Dallas zaka 21 osasamuka n'kubweretsa chikho chawo chokhacho mu 2011, ndipo mawu olembedwa pansi pake amanena za kukhulupirika. Dirk mwiniwakeyo anakwera ndege kukaonera masewero oyamba a Luka ku Lakers. Ochemerera a ku Dallas analeredwa pa chikhulupiriro chakuti katswiri wawo amakalambira pakhomo, ndipo ndicho chimene chinathyoledwa. Kuchotsa wantchito mmodzi n'kosavuta. Mwini timu sachotsedwa ntchito.

A Michael Finley ndi a Matt Riccardi, amene anagwirizira mpando wa a Harrison mu November 2025, anapeza mawotchi awiri osagwirizana. Davis ndi Kyrie anali atadutsa zaka 32 ndipo ankafuna chikho msanga. Flagg anali asanakwanitse 19. Mipata ya Dallas ya mu ndime yoyamba kuyambira 2027 mpaka 2030 inaperekedwa kale kapena kuikidwa pa chikole pomanga timu yozungulira Luka, kotero kugonja m'zaka zimenezo kudzapindulira matimu ena. Mpata wa 2026 wokha ndi umene unali m'manja mwawo wonse. Ife tikanakhala pa mpandowo tikanamugulitsa Davis sizoni ya 2025-26 isanathe, n'kupezera Flagg woyendetsa mpira weniweni ndi anzake a msinkhu wake. Ndipo pa ulendo umenewo foni ikanaimbidwa ku matimu onse 29.